Chiliza Chanu Chiyambe Chadikira

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Chifunga chikumatsika mpaka pakhonde, ndipo bulangete lanu lofiira lija akufunda ndi abambo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa. Anita, chitsiriza wanu uja, anachira bwinobwino kuchipatala cha ku Ntengo-Wambalame. Ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga sichinachite bwino, adubu, fetereza uja, tinathira mochedwa. Mbatata ya kudimba inagwidwa ndi chiwawu, yambiri tinakumba itaola kale. Tidya ndithu, koma pofika Janeiro tidzakhala tikungoyang'anana.

Chimene chandikhazika pansi ndi nkhani ya pakhomo panu. Amuna anu mukuwadziwa, munthu wa manja abwino koma wosamaliza kanthu. Ngolo ija inakhalabe pamiyala pamene munaisiya, yopanda mateyala, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Khitchini inaima makoma okha. Chitsime cha kuseri anakumba kulekeza m'chiuno n'kukumbukira kuti nkhumba zilibe khola, kholalo n'kulisiyanso lopanda chitseko. Inu munkalalata tsiku lonse, koma ine ndikati ndichotseko kamtengo kamodzi munkandibweza, mumvekere, "Zisiye iwe Rozita, mwini wake alipo."

Chichokereni inu zinthu zinanyanya. Sabata ino aumba njerwa, osaziwotcha, mvula yobwereza n'kuzisungunula. Sabata ya mawa aphwasula njinga yabwinobwino ati aikonze, zitsulo n'kukhala mbwee pabwalo. Nkhokwe yatsopano analuka kufika m'mawondo basi. Alendo obwera kudzaona khanda ankachita kudumpha milu, ena n'kumatsinana. Ine manyazi! Ndinkati chisoni chawasokoneza mutu abambo.

Tsono tsiku lina mbuzi yanu ya mawanga ija inagwera m'chitsime muja n'kuthyoka msana. Inali ndi bere, Amayi. Poizinga ndinalira, osati chifukwa cha mbuzi yokha ayi. Ndinaganiza za mwana wa Anita akadzayamba kukwawa. Mtima wanga mumaudziwa, ndi wanu womwe. Tsiku lomwelo ndinatenga khasu n'kukwirira dzenje lonse ndi zibuma za njerwa zosungunuka zija. Abambo anangokhala pachitsa n'kumandiyang'ana, chipewa chili pabondo. Anangonena kuti madzi anali pafupi, mwanawe. Ine ndinawayankha mwano, ndinati madzi amenewo akhala ali pafupi chibadwire changa.

Sindinalekere pomwepo. Ngolo ndinapatsa wosula makasu wa kumsika. Zitsulo za njinga ndinalonga m'thumba. Ndinamema azimayi a kumpingo tikamwete udzu, amuna anga n'kufolera khitchini. Khola linalandira chitseko, nkhokwe inatha. Pakhomo panayera mbee, munthu n'kutha kusesa kuchokera pakhonde mpaka kumsewu osakhumudwa. Ndinkayenda modzimva, ndinkati mukanakhalapo mukanaimba nthungululu. Abambo okha ndi amene ankafota tsiku ndi tsiku. Chakudya ankangotsina pang'ono, ndipo m'mawa ankazungulira bwalo manja ali kumbuyo ngati munthu wotaya singano.

Lamulungu lapitali anabwera alongo anu, amalume a Zakariya. Anayendera khitchini, anagwedeza chitseko cha khola, akumwetulira mpaka mano onse pamtunda. Anati ndagwira ntchito yaikulu, ndawapeputsira katundu. Ndinafunsa kuti katundu wanji. Apo m'pamene anandiuza zimene zinakambidwa tsiku lometa maliro anu, ife azimayi tili kophika. Akubanja ankafuna kuwasudzula abambo nthawi yomweyo kuti abwerere kwawo, poti mkazi amene anawabweretsa m'mudzi muno wapita. Abambo anagwada n'kupempha kuti ayambe amaliza ntchito zimene anayamba pakhomo pa akazi awo, asasiye chipwirikiti kwa ana. Akuluakulu anavomera kuti akamaliza ndiye aperekezedwa. Tsono, anatero amalume, poti zonse zatha, changotsala ndi chiliza cha mlongo wawo. Chikangoima, mkamwini akwere chapa, minibasi ija, azipita kwawo.

Amayi, pomwepo ndinazindikira. Munthu ankaika miyala panjira yake yomwe kuti asachoke, ine n'kumaichotsa ndi manja angawa, ndikuimba nyimbo. Kwawo kwake kuti? Ku Chidzolomondo anachokako ine ndisanabadwe. Alongo awo onse anatha. Munda wa amayi awo analimamo fodya adzukulu amene sadziwa ndi nkhope yawo yomwe. Maso awo achita khungu, akafuna kusoka jekete, ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine. Akakafa ndi njala pakhonde la eni, uthenga tidzaumva patapita sabata. Ndipo musaganize kuti alongo anu akuteteza mwambo. Diso lawo lili padimba la mbatata lija, limene abambo analitsegula ndi nkhwangwa yawo pamene panali bango lokhalokha.

Ndinakangana nawo, sindibisa. Ndinati mwambo womwewo umalola ana kusunga bambo wawo. Iwo anati mwana wamkazi salankhula pamene eni mbumba anagamula kale, ndipo ngati ndikuwafuna kwambiri abambo ndipite nawo. Amuna anga anangoweramitsa mutu. Ndikanawaimba mlandu wanji, iwonso ndi mkamwini.

Atachoka amalume ndinapita kwa abambo, ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati akanandiuza bwanji kuti ndisiye kusesa pakhomo pa amayi anga. Kenaka anafunsa ngati thumba la zitsulo za njinga lija ndinataya. Nditawapatsa, anazikhuthula pamphasa n'kuyamba kuzipapasa chimodzichimodzi.

Tsopano imvani chimene ndachita, mundikalipire ngati mukufuna. Simenti ya chiliza chanu, imene mwana wanu Fernando anatumiza kuchokera ku Tete, inafika kale. Mmisiri anayala maziko, mzere wa njerwa unayamba kuoneka. Dzulo ndinakamuuza kuti aleke. Simenti ija ndaitulutsa, abambo ayamba nayo thanki yosungira madzi a mvula kuseri kwa khitchini. Inu ndi ine tikudziwa kuti thanki imeneyo sidzasunga ndi dontho lomwe. Koma mukanawaona m'mawa uno, Amayi. Analawirira nkhuku zisanatsike, chingwe choyezera chili m'khosi, ndipo masana anapempha chakudya chowonjezera.

Mtengo wake ndikuudziwa. Manda anu akhala mulu wa dothi pakati pa ziliza zopaka laimu za anzanu, inu amene simunkalola mwana kupita kutchalitchi ndi malaya ong'ambika. Mvula ikabwera mtumbira udzatitimira. Anthu ayamba kale kunena kuti ana a malemu anadya simenti ya mayi wawo. Fernando sakundiyankha foni. Akazi a amalume akuti khanda la Anita likulira chifukwa inu mwakwiya. Zimenezi zimandilasa, ndipo nthawi zina ndimaopa kuti mwina akunena zoona. Sindikudziwanso kuti amalume apirira mpaka liti. Akhoza kugula simenti yawo n'kubwera ndi mmisiri wawo, ndipo tsiku limenelo adzandipeza nditakhala pamanda panu.

Ngati mwakwiyadi, bwerani kwa ine, mwana wa Anita mumusiye agone. Koma ine sindikhulupirira. Ndikamadutsa pa thanki paja n'kupunthwa pa njerwa, mkwiyo n'kukwera, ndimamva mawu anu aja akuti ndizisiye.

Udzu wa pamanda ndizizula ndekha mwezi uliwonse, dothi likatitimira ndizithira lina. Chiliza chokha muyambe mwadikira. Tsiku limene abambo adzakutsatireni, ndidzalimbana ndi mudzi wonse kuti agone pambali panu, ndipo ndidzamanga ziwiri pamodzi mpaka kuzipaka laimu. Zimenezo zokha ndidzamaliza, ndalonjeza. Kufikira tsikulo, mwini wake alipo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu woyamba,
Rozita