Bambo anga akufuna kulimbana ndi chibwenzi changa pabwalo

Aphungu,

Pepani ngati sindilemba bwino, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kalatayi ndailemba kawiri.

Ndili ndi zaka 22, ndipo mnyamata wina dzina lake Bilimon akufuna kundikwatira. Amasewera mpira wa basiketi, amaponyera patali ndipo saphonyaphonya. Bambo anganso anali katswiri nthawi yawo, koma pa kutchinga.

Pa kemem, phwando la mwana wa achemwali anga atakwanitsa chaka, wina anatchula kuti Bilimon anamwetsa mapointi 34. Bambo anati, "Mapointi a m'holo amenewo, motsekera mphepo kunja. Masiku ano ukangomupumira munthu, wezulo yalira. Ife tinkasewera pabwalo la m'mbali mwa nyanja ku Laura, mphepo inkakulanda mpira m'mwamba. Ndikanakutchinga ine, mphwanga, sukanafika asanu."

Bilimon, mpunga uli m'kamwa, anayankha kuti, "Madala, zanuzo sikunali kutchinga, zinali ndewu. Lero oyimbira angakutulutseni m'bwalo thukuta lisanatuluke."

Anthu anaseka, koma bambo ayi. Amuuza kuti akakumane Loweruka pabwalo lakalelo, awiri okha, ndipo akapanda kubwera, akwawo asadzapondenso pakhomo pathu ndi nkhani ya ukwati. Bambo ali ndi zaka 58, bondo lawo limatupa. Bilimon akapambana awachititsa manyazi. Akagonja dala bambo adziwa, iwo sanamizika pa mpira. Ine ndikaima pamaso pawo mawu amandithawa. Nditani?

L.K., Majuro

Mwanawe L.K.,

Kalata yako yamveka bwino, usapepese.

Mkangano wa akale ndi a lero sudzatha. Akale ankalandira zigongono pansi pa basiketi, a lero amathamangira munthu amene akuponya ali kutali. Onse ali ndi mfundo. Koma bambo ako sakulimbirana mapointi. Chawapweteka n'choti mnyamata amene akudzatenga mwana wawo wanyoza zaka zawo zonse pagulu.

Uza Bilimon apite kwa iwo Loweruka lisanafike, yekha, akapepese ndi pakamwa pomwe paja. Lowerukalo afike msanga, koma asakanene kuti "tiyeni tionane." Akanene kuti, "Bambo, ndionetseni mmene munkatsekera munthu." Kenako aponye ali patali kangapo, ndi mtima wonse. Mphepo ya ku Laura ndikuidziwa: aphonya ndithu, osati dala, ndipo bambo ako akaona okha kuti sananame. Mphepo ikagwira ntchito imene bondo silingathe.

Iwe, ngati mawu akukuthawa, tuma amalume ako akanong'oneze bambo za bondolo. Kwa mlamu wawo amva.

Koma tsegula maso. Bilimon akakana kupepesa, usathamangire tsiku la ukwati. Munthu wolephera kutsitsa mutu kwa mkulu wa bondo lotupa, iwe mukadzayambana m'nyumba adzakutsitsira?

Aphungu