Nkhani ya Mwana wa M'botolo

Linda,
Livingstone.
24 Seputembala, 1978.

Akulu anga amake Vainesi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi muli bwanji kumeneko? Miyendo ya amayi ikuwalola kufika kudimba, kapena yayambanso kutupa monga chaka chatha? Nanga chifuwa cha alamu chidatha? Ife kuno tili bwino, ine ndi amuna anga a Mufalo, kungoti dzuwa layamba kale ukali wake. Mchenga wa kuno ukatentha umawotcha ngakhale uli m'nsapato. Ndikamachokera kusukulu masana ndimakumbuka dothi lofiira la ku Katete, lija limazizira kumapazi ukamadutsa m'misuku.

Za m'tauni ndi zomwe zija. Sopo ndi mafuta ophikira sizikuoneka, ndipo ukamva kuti shuga wafika umasiya zonse n'kukaima pamzere. Kumlatho wa pamalire kwadzaza asilikali, alendo odzaona mathithi adasiya kubwera. Osema ziboliboli pa Mukuni Park amangokhalira kupukuta fumbi pa njovu zawo zamtengo. A Mufalo akupitabe kuntchito kwawo kunjanji. Madzi m'Zambezi aphwa, utsi wa mathithi sukuonekanso kuchokera kuno ku Linda.

Pali nkhani imene yandivuta mumtima, ndipo ndilibe wina woti ndimuuze koma inu.

Lachinayi lililonse ndikaweruka kusukulu ndimathandiza pa kalabu ya amayi kuholo ya kuno. Ena amaphunzira kusoka, ena kuwerenga. A Oliver, amene amayang'anira holoyo, amasankha nkhani m'nyuzipepala za Chingerezi, n'kuzimasulira m'Chinyanja cha m'tauni muno pa pepala limodzi, kuti amayi aziwerenga ndi kukambirana. Ndi munthu wakhama, ndipo amachita izi popanda womutuma.

Mwezi watha adabwera ndi pepala lolembedwa pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti, "Bazungu bapanga mwana mu botolo, alibe mai alibe tate." Kusoka kudaima tsiku limenelo. Wina adati adamva kuti zachitikira ku Amereka, komwe kuja adatumiza anthu kumwezi. Wina adati mwanayo amamudyetsera pakamwa pa botolo mpaka atakula, kenaka n'kuliswa ngati dzira la nkhuku. Mayi wina wachikulire adafunsa ngati mwana wotero angabatizidwe, popeza alibe mchombo. Ena adaseka, ena adagwira pakamwa.

Ine nkhaniyi ndidali nditaiwerenga kale kusukulu, mobwerezabwereza, ndipo ndidabwerekanso magazini kwa namwino wina kuti ndimvetse bwino. Chifukwa chake mukuchidziwa, akulu anga. Tsono ndidalephera kukhala chete.

Ndidawauza kuti mwanayo ndi wamkazi, adabadwa mu Julaye ku Mangalande, osati ku Amereka. Ali ndi mayi ake ndi bambo ake, anthu apabanja ngati ife tomwe. Mayiyo njira za m'mimba mwake zidatsekeka, ndiye madokotala adatenga dzira lake n'kulikumanitsa ndi mbewu ya mwamuna wake m'kambale kagalasi. Patapita masiku ochepa adalibwezera m'mimba mwa mayi yemweyo. Kuyambira apo adayembekezera monga mkazi wina aliyense, miyendo kutupa, msana kuwawa, mpaka nthawi yake itakwana. Botolo palibe. Mchombo ali nawo.

Ndidanenanso za mawu aja oti "bapanga". Ndidati timapanga mipando ndi njerwa, koma mwana amabadwa. Mkazi uja adadikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pobereka adachita kumung'amba. Kodi ife timulande mwana wake ndi liwu limodzi lolakwika? Mwina ndidakweza mawu kuposa mmene ndidafunira.

Pakati pa amayiwo padali alamu anga a Njekwa, mlongo wawo wa a Mufalo, aja amakhala ku Nottie Broadie. Adadikira kuti nditsirize, adaluma ulusi n'kuudula, kenaka adati, "Ba mulamu, muziba maningi za botolo. Si mugule chabe imozi, mulongosi wanga aoneko mwana?"

Palibe adaseka. Mnzanga wina wa Chitonga, bina Mazuba, amene amagulitsa nsomba zouma pamsika, adayankha kuti nkhani ili papepala ndi ya kutsidya kwa nyanja, osati ya m'nyumba za anthu, ndipo adapempha kuti tibwerere kumakina. Ine ndidatola mabuku anga mwaulemu n'kutsanzika. Sindidalire panjira. Ndidakalirira kunyumba, kuseri kwa chitseko.

Tsiku limenelo ndidakufunani kwambiri. Ndidalakalaka nditakhala pakhonde panu, tikusenda mtedza, inu mukundinyoza kuti aphunzitsi sadziwa kugwira lichero. Kuno ngakhale kudziyankhira sindingathe bwino. Ndikayankhula Chichewa chathu amati ndikuyankhula cha m'Baibulo, ndipo ana a m'kalasi amaseka ndikati "ndi" pamene iwo amati "ni". Mkazi aliyense pano amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, uyu bina Mazuba, uyo bana Mutumba. Ine ndine "ba Ticha" basi, ngakhale kutchalitchi. Akuluakulu adanena kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndidakhala pansi n'kumatchula mayina a midzi ya m'njira yochokera pa boma mpaka kwathu, umodziumodzi, ngati mwana woloweza phunziro, mpaka mtima udatsika.

M'mawa mwake a Oliver adandipeza kusukulu, pepala lija lili m'manja. Adapepesa pa zomwe zidachitika, koma pa mawu sadagonje msanga. Adati iwo sadapeke kanthu, Azungu eni ake m'nyuzipepala adalemba kuti mwana wa m'chubu chagalasi, ndiye mayi wa ku Linda angadziwe bwanji chubu? Botolo ndiye amalidziwa. Ndidavomera kuti pamenepo akunena zoona, cholakwa chidayambira kwa eni nkhani. Koma ndidati Mzungu akalakwitsa m'chiyankhulo chake, ife tisachite kumunyamulira cholakwacho mpaka kuchifikitsa m'chathu. Iwo adati mutu wa nkhani wonena za kambale palibe angauwerenge, anthu aziyesa ndi nkhani yophika. Apo ndidaseka, ngakhale maso adali otupa.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma n'kulembanso pepala lonse. Tidachotsa "bapanga", tidachotsa "alibe mai alibe tate". Pamwamba tidalemba kuti madokotala athandiza mayi amene sankabereka. A Oliver adaumirira kuti pansi pake pakhale mzere wonena kuti uyu ndi mwana uja anthu akumutcha wa m'botolo, kuti owerenga adziwe kuti ndi nkhani yomweyo. Ndidawalola. Lachinayi lotsatira amayi adawerenga, ndipo mayi wachikulire uja adati tsopano mtima wake wakhala pansi pa za ubatizo. Koma pamsika akunenabe za botolo, ndipo ndaona kuti liwu likatuluka kulibweza n'kovuta.

A Njekwa sadabwerenso kukalabu. Ndidamva kwa ena kuti akukonza zoitanitsa mtsikana wina kuchokera kwawo ku Senanga, ati adzandithandize ntchito za pakhomo. Inu ndi ine tikudziwa thandizo lotero kumene limathera. Sindidawafunse kanthu a Mufalo. Ndidangoti ndione.

Loweruka lina m'mawa a Mufalo adali panja akumata chubu cha njinga yawo. Adandiitana, n'kutulutsa m'thumba la malaya pepala lathu lija, lopindidwa kanayi. Sindikudziwa adalitenga kuti. Adati ndiwafotokozere pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa ana. Ndidafotokoza. Adafunsa ngati zimenezi zingachitike ku Lusaka. Ndidati ayi, ngakhale ku Mangalande komweko uyu ndi mwana woyamba, ndipo ambiri amene adayesa zidawakanika. Ndidati si za ife, mwina za ana a Vainesi.

Adapaka guluu pachubupo. Kenaka adati, "Ngati pafunika dzira na mbeu, ndiye kuti vuto ingankhale kuli ine. Nanga bonse bayangana iwe chifukwa chani?"

Akulu anga, zaka zonsezi ndamwa mizu yowawa, ndatemedwa mphini, ndapita kwa madokotala ndekha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe, kwathu kapena kwawo, adanenapo mawu amenewa. Ndidangowagwirira gudumu kuti abwezeremo chubu.

Masana omwewo adapalasa njinga kupita ku Nottie Broadie. Zomwe adakambirana ndi mlongo wawo sadandiuze, koma mtsikana wa ku Senanga sakubwera. A Njekwa tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Ndikuganiza kuti zitenga nthawi. A Mufalo anena kuti sukulu ikatsekera mu Disembala tidzakwera sitima limodzi, tidzatsike ku Lusaka kuti dokotala akatione tonse awiri, kenaka tidzakwere basi yobwera kwathu. Sindikuyembekeza zodabwitsa. Koma ulendo uno pabenchi ya kuchipatala sindidzakhala ndekha.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani.

Lamulungu lapitali kudabwera a Layisoni, mwana wa amalume, ndi lole yawo ija. Zikomo chifukwa cha mtedza ndi mfutso, fungo lake lokha lidandifikitsa kwathu. Atamwa tiyi adatulutsa kamtolo kena kokulungidwa m'chitenje chakale cha amayi, chija chamaluwa achikasu, ndipo adachita manyazi pondipatsa. Mkati mwake mudali botolo. Ndi lija la mankhwala a chifuwa a malemu atate, lotsukidwa ndi phulusa mpaka kuwala, pakamwa pake potsekedwa ndi chitsononkho.

A Layisoni adati amayi adamva nkhani ija pa wailesi ya kusitolo, ndipo anthu a pamenepo adaiwonjezera mchere monga adachitira a kuno. Adawatuma kuti andiuze kuti ngati madokotala a m'tauni afuna kuti munthu abwere ndi botolo lake, nali, n'loyera. Adatinso ngati mtengo wake ndi waukulu ndisaope, iwo agulitsa ng'ombe yaikazi ija atate adawasiyira, ndipo ayamba kale kufunsa wogula. Akuti adapempha a Layisoni kuti asakuuzeni, poopa kuti muwaletsa.

Ine amene ndidaimirira pamaso pa amayi a kalabu yonse, amene ndidatsutsana ndi a Oliver pa liwu lililonse, ndidangolandira botololo ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo. A Layisoni adandifunsa ngati nkhaniyo ndi yoona. Ndidati ndi yoona pang'ono. Adabwerera tsiku lomwelo ndisanapeze mawu abwino oti akawauze amayi.

Pempho langa ndi ili. Ng'ombe ija isagulitsidwe. Ndiyo imawapatsa mkaka, ndipo ikachoka m'khola sidzabwereranso. Pitani msanga mukalandira kalatayi, ndipo ngati wogula wapezeka kale, mupemphe alamu akamubweze mwaulemu. Amayi muwauze kuti ndanena ine kuti chithandizo chimenechi sichinafike ku Zambia kuno, choncho ndalama sizikufunika. Zimenezo ndi zoona, simudzakhala mukunama.

Koma zina zonse musawakonze. Musawauze kuti adamva molakwa, ndipo Vainesi asawaseke ndi nzeru zake za kusekondale. Za dzira ndi kambale ndidzawafotokozera ndekha mu Disembala, titakhala pamphasa awiriwiri, m'Chichewa chathu, pamene ndingathe kuwagwira dzanja. Nkhani imeneyi siyenera kuwafika kudzera m'mphekesera kachiwiri.

Masuku adzakhala atapsa nthawi imeneyo. Mundisungireko ngakhale ochepa, ana asamalize onse.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Vainesi ndi ang'ono ake onse, kwa amalume ndi azakhali a kutsidya kwa dambo, ndi kwa anzanga aja tinkaimba nawo kwaya, ngati akundikumbukabe. A Mufalo akuti moni kwa apongozi awo ndi kwa inu. Amayi muwagwire m'manja m'malo mwanga, muwauze kuti katundu wawo wafika wosasweka, ndipo ndamusunga pabwino.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Tikambenji.