Mjigo Wafa, Foni Ikulirabe

Mwana wanga Felisita,

Landira moni wochokera kwanu. Tadzuka, koma impso zija zikundivutabe.

Wandikalipira kuti kapulogalamu kowerenga makapu a madzi, kamene unandiikira m'foni, kakukuonetsa ku Beirako kuti mwezi uno ndikumwa pang'ono. Sikakunama. Mjigo unafa, tikuchita kufukula mchenga kumtsinje. Dzulo ndinapeza theka la ndowa. Foni italira kuti ndimwe, ndinatunga chikho, n'kutulukira alamu anga, atayenda wapansi kuchokera ku Nsadzo, milomo itauma gwa. Mlendo sachita kupempha madzi, ukudziwa. Anamwa iwowo, otsalawo ndinaphikira ana ako.

Ndatopa, mwananga. Foniyi imadziwa ludzu langa, koma sisenza ndowa. Ukamabwera usagule foni ina, ubwere ndi nkhata.

Mulungu akusunge.

Ine mayi ako