Ndinatchula Dzina la a Gondwe

Ching'ambo, Mzuzu
14 Juni, 1987

Okondedwa achimwene Winston,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre pamodzi ndi alamu. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi amene timapemphera naye, sindinafune kuti idutse ku positi. Mukawerenga muiwotche.

Kuno kukuzizira chomene, koma chondisowetsa mtendere si chisanu ayi. Sabata ino ndalephera ngakhale kuchonga makope. Ndimakhala pansi, ndimanyamuka, ndimakasesa pabwalo posesa kale.

Mukuwakumbukira a Marjorie Nyirenda, mnzanga wophunzitsa Sitandade 2? Anachira mwana wamwamuna mwezi watha. Patangotha sabata ziwiri ahedi anawatumizira mawu kuti akapanda kubwera Lolemba, kalasi yawo aipereka kwa mphwawo wa ahediwo amene sanapiteko ku koleji. Anabwera ndithu, khanda atasiyira apongozi. Lachitatu anakomoka akulemba pa bolodi, ana akuona.

Aphunzitsi asanu ndi atatu tinakumana masana a Loweruka kunyumba kwa a Overtoun Gondwe ku Geisha, aja a masamu. Iwo anati, "Aliyense akamadandaula payekha, ahedi amatithyola mmodzimmodzi. Tipange kabungwe kathu, tizilankhula pamodzi." Tinagwirizana kulembera ofesi ya maphunziro. Mawu ankanena ndi iwo, cholembera chinali m'manja mwanga, poti amati ndimalemba zooneka bwino.

Kalatayo sinapite patali. Lachinayi anandiitanira ku ofesi. Ndinaipeza ili pa tebulo la ahedi, pambali pawo patakhala bambo wina wa Chipani, baji pachifuwa.

"Mayi Mhango, dzanja ili ndi landani?"

"Ndi langa, bwana."

Bambo uja anati, "Ndiye misonkhano youkira boma mukuchititsa ndinu?"

Achimwene, sindinachedwe kuyankha. Ndinati, "Ine ndinangolemba. Ankanena ndi a Gondwe." Sanandimenye, sanandikalipire nkomwe. Ndinangotchula.

A Gondwe awasamutsira ku sukulu ina kumapiri a Chitipa, komwe galimoto sifika. Anawapatsa masiku atatu, akazi awo ali oyembekezera. Dzulo ndinapita ku depoti, ndinaima kuseri kwa ogulitsa nthochi. Anandiona basi. Anabwera, nandigwira chanza.

"Anandiuza kuti ndinu," anatero. "Musadzizunze, aNyaMhango. Koma Loweruka mupite, anzathu asabalalike. Mukhale makora."

Ndikanakonda akanandilavulira malovu.

Loweruka likubwerali tikumananso. Tatsala asanu, awiri ena akuti ali ndi maliro kumudzi. A Marjorie akuti abwera ndi khanda kumbuyo. Anzangawo akufuna kalata ina, ndipo palibe amene akuyang'ana mnzake kumaso pa funso la wolemba. Ine ndagula kale pepala. Pansi pake ndidzasaina dzina langa lonse, kuti pasakhale chondifunsa.

Musandilembere zondiletsa, yankho lanu lidzafika mochedwa.

Moni kwa alamu ndi ana. Amama ku Chintheche musawauze kanthu, muziti ndili bwino. Mukaona mwezi watha osamva za ine, mubwere mudzatenge mwana wanga Keziya. Yunifolomu yake ndachapa, khadi lake la kuchipatala lili m'Baibulo. Amachita manyazi kupempha chakudya kwa eni, muzimufunsa ndinu.

Yewo chomene, achimwene.

Ine mlongo wanu,
Winifred