Galu amene ndinawasiyira mayi

Ndirande, Blantyre
Lamulungu, pa 8 Juni

Achimwene a Laston,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Enelesi ndi ana onse. Chifuwa cha Tiyamike chija chinatha? Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda, kungoti kwazizira kwambiri ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndalemba kalata ngati munthu wakale chifukwa foni yanga simuyankha. Imaitana mpaka kuduka yokha. Musadzanamizire netiweki, mayi ndimayankhula nawo sabata iliyonse ali mudzi womwewo. Kalatayi ndapatsira a Mateyu a matola, ndawauza kuti akupatseni m'manja ndipo asachoke musanaitsegule.

Nkhani ndi ya maso a mayi. Mukudziwa kuti ng'ala yaphimba diso lamanzere, lamanja nalo layamba. Kuchipatala cha maso kuno anatipatsa tsiku kawiri, kawiri konseko mayi sanabwere. Sabata yatha ndinapita kukapepesa, nesi anandiyang'ana ngati mwana wotaya kholo. Atipatsa Lachiwiri pa 24 mwezi uno, ndipo anenetsa kuti tikaphonyanso dzina la mayi lichotsedwa, tidzayambirenso mzere chaka chamawa. Chaka chamawa mayi adzakhala akuyenda chopapasa khoma. Mwezi watha anadzithira madzi otentha padzanja, kapu ili pambali. Munamva zimenezo, kapena nazonso simuyankha?

Ndipo chowaletsa kubwera n'chiyani? Galu. Munthu wamkulu, wobereka ana, achite khungu chifukwa cha galu! Akuti sangamusiye masiku anayi chifukwa sadya chopatsidwa ndi munthu wina, ndipo palibe angayandikire unyolo wake.

Galuyo ndinabwera naye ndine, sindikukana. Akuba atatenga mbuzi za mayi chaka chija, ndinafika kumudzi n'kupeza khola lili chigwere, inu muli kwa apongozi anu mukufolera nkhokwe. Galu wa abwana anga kuno anali ataswa, ndinapempha kagalu kamodzi n'kukanyamula m'katoni. Kankakwana m'manja awiriwa. Palibe anandiuza kuti kadzakula ngati mwana wa ng'ombe.

Ine ndinkaganiza za agalu akwathu aja, odya madeya ndi zotsala, odzisakira okha mbewa kuthengo. Uyu ayi. Madeya okha amamutsegula m'mimba. Bonya amene ndimatumiza, wambiri amathera kwa galu, mayi n'kumadyera masamba. Nkhupakupa zikamugwira, mayi ndi maso awowo amakhala pansi kumazipapasa m'makutu mwake. Tsiku la katemera wa chiwewe anamutengera ku Thambani pachingwe, kapena ndinene kuti galu ndiye anawatengera iwo, mpaka anagwa n'kusupuka maondo. Atagwira nkhuku za a Orlanda oyandikana nawo aja anayamba kumangidwa, ndiye madzi, chakudya, kusesa pamene waipitsa, zonse n'za mayi. Kumaliro sakhalitsa, kutchalitchi amatuluka mapemphero asanathe. Ndinkati ndawapezera mlonda, koma ndinawapezera bwana.

Tsopano za dzina, poti ndikudziwa kuti pamene pakuwawa ndi pamenepo. Inde, ndine ndinamutcha Mwatitaya, ndipo ndinatchula dala mokweza alamu ali pomwepo. Ndinkafuna kuti mayi akamaitana galu m'mawa, mawuwo aziwoloka kamtsinje n'kufika pakhomo panu. Anafikadi. Ndamva kuti munalumbira kuti simudzapondanso pabwalo pa mayi galuyo ali moyo, komanso kuti anzanu kumsika amakunenani nalo dzinalo mukamadutsa. Zinakupwetekani, ndavomera.

Koma achimwene, zaka ziwiri? Bambo wa ndevu zake, wa ana anayi, kukwiyira dzina la galu zaka ziwiri, mayi anu akupsa manja kutsidya kwa kamtsinje? Chimanga mumapatsira alamu kuti akasiye, inu n'kuima patali ngati pakhomopo pagwa mliri. Mukufuna ndikuombereni m'manja? Ndikanakhala pafupi mukanandimva ndi makutu anu, mwapulumukira papepala.

Koma nane ndisabise zanga. Dzulo ndinawakalipira mayi pafoni. Ndinawauza kuti ndituma a zaziweto adzamubaye galuyo afe, nkhani ithe. Kenako anandiuza kuti chibwerere galuyo palibe wakuba wapondaponso pakhomo, ndipo kuti masiku ambiri ndi yekhayo amene amayankhula naye dzuwa mpaka kulowa. Anati dzina lija analeka kale kulitchula, amangoti iwe, chifukwa amene amalimva n'kupwetekedwa ndi mwana wawo wapafupi, pamene amene anatula galu pakhomo n'kukwera minibasi tsiku lomwelo samva kalikonse ku Blantyre. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Kuntchito ndinalowa maso ali psuu.

Ndiye ndakwiya nanu, galuyonso ndamukwiyira, koma amene ndikulephera kumukhululukira ndi ine mwini wake. Ndikanagula misomali ndi mitengo n'kukupemphani bwinobwino kuti timange khola. M'malo mwake ndinasenzetsa mayi chinyama chimene ineyo sindinachidyetsepo ngakhale tsiku limodzi, kuti ndingokulasani inu.

Pempho langa ndi limodzi. Kuyambira mawa muzipita kwa mayi nthawi ya chakudya cha galu. Masiku oyamba musamuyandikire, ingoimani poti azikuonani. Kenako mbale muziika ndinu, mayi atagwira unyolo. Abwana akuti agalu a mtundu umenewu amazolowera munthu amene akumuona tsiku ndi tsiku, ndipo masabata awiri ndi okwanira. Akuuwani, mwinanso akung'ambirani buluku, koma musabwerere. Lolemba pa 23 muwakweze mayi galimoto ya a Mateyu mpaka pa Mwanza Boma, ine ndidzawadikira padepoti n'kubwera nawo kuno. Inu mukhale ndi galu masiku anayi okha basi.

Dzinalo lisintheni. Mutcheni lililonse limene mukufuna, ngakhale londinena ine, ndipo ndikadzabwera ndidzaliitana ndekha pabwalo, alamu ndi a Orlanda akumva. Koma mukakana, mayi n'kuphonyanso pa 24, musadzauze anthu kuti anachita khungu chifukwa cha galu. Adzakhala atachita khungu chifukwa cha ana awo awiri, inu ndi ine.

Mundiperekere moni kwa alamu a Enelesi, ndipo muwauze kuti zija ndinayankhula pamaso pawo ndikudzapepesa ndi pakamwa panga. Moni kwa Tiyamike ndi abale ake, kwa amalume ndi azakhali, ngakhalenso kwa apongozi anu. Mayi musawawerengere kalatayi. Mungowauza kuti bulangete ndawagulira kale, asavutike kunyamula lawo.

Ndikudikira yankho kudzera mwa a Mateyu, kapena mungoyankha foni.

Ndine mlongo wanu,
Deliwe