Nyumba ya pa bawo

Lachinayi, mvula isanagwe. Tsiku layamba ndi mkwiyo, latha ndili kakasi.

M'mawa mlangizi wa malimidwe anandifafanizitsa mizere, akuti yalunjika kumtsetse. Munda woti ndinaswa mphanje ndekha, iye asanabadwe!

Masana ndinakhala pa sitolo ya Che Amidu ku Kasinje, akundiphunzitsa bawo lawo lathabwa. Ine ndinakulira nsolo wokumba pansi, ndiye ndinkaliderera. Ndikuyendetsa nkhomo, yomaliza inagwera m'dzenje lamakona limene amati nyumba. Ndimati nditapemo, iwo n'kundigwira dzanja.

"Dikirani, a Ngozo. Apa mukhoza kugona, mukhozanso kupitirira."

"Nanga lamulo likuti chiyani?"

"Lamulo likuti mwini nyumba ndinu."

Ndinasankha kugona. Anandidya nkhomo zonse, akuseka mpaka chisoti kugwa. Koma kugonjako kunali kwanga, kosankha ndekha. Ha! Anayambitsa bawo anali munthu wanji, womanga malamulo olimba chonchi, n'kukusiyira dzenje limodzi loti ulamule wekha?

Mawa mizere ndikonza, inde. Koma ya kuseri kwa chulu sindiikhudza, mlangiziyo abwere adzaone...