Msomali Wopanda Hamala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno ku Mitundu tili bwino, chifuwa cha amayi chija chinatha.

Mwezi watha galimoto yanu itaphwa tayala, ndinasaka sipanala m'galaja monse osaipeza. Ndinakumbuka kuti amalume a ku Nathenje anaibwereka pokonza ngolo yawo, koma ndikanayambira pati kuwauza kuti abweze?

Ndiye ndinakhoma thabwa pakhoma, chipangizo chilichonse pamsomali wake. Chikachoka, pansi pa msomalipo ndimalemba dzina la wobwereka ndi choko.

Lamlungu amalume anabwera kudzaona amayi, n'kulowa m'galajamo kuthawa dzuwa. Analiyang'ana thabwalo nthawi yaitali.

"Dzina langa likutani pakhoma?"

"Likusunga malo a sipanala, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake sipanala inabwera, pamodzi ndi pulayala imene ndinaiiwala kalekale.

Msomali umodzi wokha ndiwo watsala wopanda kanthu, wa hamala ija munakhomera bokosi lanu n'kupita nayo. Dzina lanu ndalembapo, ndipo amayi amalowa kudzaliona. Musaipatsire munthu ayi. Mubwere nayo nokha.

Mulungu akusungeni pantchitopo.

Ine mng'ono wanu,
Fanuelo